Kuphunzira gitala ku Mulanje ndi Thyolo: yambani mwaiona gitalayo, zala zibwere pambuyo

Achinyamata ambiri amene amagula gitala ku Limbe kapena kubwereka ya kwaya amaisiya mwezi usanathe, ati zala zikuwawa ndipo mawu sakutuluka bwino. Kawirikawiri vuto limakhala gitalayo, osati mwini wake.

Tengani rula, muyeze mpata wa pakati pa nsambo yonenepa kwambiri ndi fureti ya 12. Mafureti ndi tizitsulo topingasa tija tili pakhosi la gitala. Pa gitala ya nsambo zachitsulo mpatawu uzikhala pafupifupi mamilimita 2.5. Ukafika 4 kapena kupitirira, ngakhale katswiri avutika kudinikiza. Mukhoza kukonza nokha: masulani nsambo, zulani kafupa koyera kamene nsambo zimatsamirapo pamimba ya gitala, ndipo mukapale kunsi kwake pa sandipepa yoyala pamalo osalala. Kuti mpata utsike milimita imodzi pa fureti ya 12, kafupako kayenera kuchepa mamilimita awiri. Palani pang'onopang'ono n'kumayesa, chifukwa mukapyola muyeso nsambo ziyamba kukhudza mafureti n'kumalira ngati njuchi. Ngati khosi lenilenilo lapindika, chitsulo cha mkati mwake musachipotoze nokha. Pitani nayo kwa wodziwa.

Kuno kwathu chimene chimawononga magitala ndi chinyezi. Thabwa limafuna mpweya wa chinyezi chapakati, cha 45 mpaka 55 peresenti, koma m'dzinja ndiponso masiku a chiperoni mu June ndi July timapyola pamenepo kwambiri. Thabwa la pamimba limafufuma, nsambo zimakwera, ndipo zimachita dzimbiri msanga. Mukamaliza kuimba pukutani nsambo iliyonse ndi kansalu kouma, pamwamba ndi pansi pomwe. Gitala isagone pa simenti kapena kutsamira khoma lonyowa. Ikhale m'chikwama chake pamodzi ndi timapaketi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano, toyamwa chinyezi. Musaiwambe pambaula kuti iume, ndipo mu October musaipachike pafupi ndi malata, poti kutentha kumafewetsa guluu. China chimene timachiona kawirikawiri: gitala yopangidwira nsambo za nayiloni kuimanga zachitsulo. Zachitsulo zimakoka mwamphamvu, khosi limapindika, kenako pomangira nsambo pamamatuka. Waya wa mabuleki a njinga ndi wa banjo yokhoma pakhomo, osati gitala ya m'sitolo.

Kutchuna kuzichitika tsiku lililonse musanayambe. Kuchokera ku nsambo yonenepa, imene ndi ya 6, kutsikira ku yopyapyala, mawu ake ndi E, A, D, G, B, E. Pafoni pali timapulogalamu totchunira, koma khutu nalo liphunzire. Dinikizani nsambo ya 6 pa fureti ya 5, mawu ake afanane ndi nsambo ya 5 yosadinikiza. Teroni mpaka pansi, kupatula nsambo ya 3, imene mumadinikiza pa fureti ya 4 kuti mupeze mawu a nsambo ya 2. Mukapyola, masulani pang'ono n'kukweranso. Nsambo yotchunidwa potsika imathawa msanga.

Tsono zala. Wengani zikhadabo za dzanja lodinikiza. Chala chachikulu chikhale kuseri kwa khosi, zinazo zipindike kuti nsonga yokha ndiyo ikhudze nsambo, pafupi penipeni kumbuyo kwa fureti, osati pamwamba pake. Chala chikakhala patali ndi fureti mawu amanjenjemera, inu n'kumawonjezera mphamvu pachabe. Mawu akamveka ogontha, ndiye kuti mnofu wa chala china wagona pa nsambo yoyandikana nayo. Lizani nsambo imodziimodzi mpaka mupeze yolakwikayo.

Yambani ndi ma chord (magwiridwe a nsambo zingapo zolira pamodzi) atatu, G, C ndi D, amene amanyamula nyimbo zambiri za kwaya. Pa G dinikizani nsambo ya 6 pa fureti ya 3, ya 5 pa fureti ya 2, ya 1 pa fureti ya 3. Pa C, nsambo ya 5 pa fureti ya 3, ya 4 pa fureti ya 2, ya 2 pa fureti ya 1, ndipo ya 6 isalire. Pa D, nsambo ya 3 ndi ya 1 pa fureti ya 2, ya 2 pa fureti ya 3, mulize zinayi zopyapyala zokha. F musaithamangire, imafuna chala chimodzi chigone pa nsambo zonse ndipo yafooketsa ambiri. Oimba akakweza nyimbo, mangani capo, kachipangizo kopana nsambo zonse pamodzi, pa fureti ya 2, magwiridwe omwewo a G, C, D atulutsa A, D, E.

Kugwira chord n'kosavuta. Ntchito ili pa kusintha. Ikani metronome ya pafoni, kapulogalamu kogunda mosasintha liwiro, pa 60 (kugunda ka 60 pa mphindi imodzi), menyani kanayi pa G, kanayi pa C, osaima. Dzanja lomenya lisadikire linzake: lipitirire kutsika ndi kukwera ngakhale zala zachedwa, chifukwa kwaya imapirira mawu amodzi olakwika koma nyimbo ikaima onse amasokonekera. Mukatha kusintha kakhumi popanda kuphonya, kwezani liwiro ndi 5 yokha. Wothamanga amangozoloweza zala zolakwa, ndipo kuzichotsa kumatenga nthawi kuposa kuphunzira koyamba. Pakatha sabata ziwiri yesani osayang'ana pakhosi. Malemu Allan Namoko wa ku Thyolo konkuno anali wosaona, koma banjo yake inkamveka dziko lonse; zala zimatha kudziwa njira pazokha.

Mphindi 20 tsiku ndi tsiku zimapindula kuposa maola atatu Loweruka lokha. Zisanu zikhale zotchuna ndi kuliza chord iliyonse nsambo imodziimodzi, khumi zosintha, zisanu zomaliza nyimbo imodzi kuyambira poyamba mpaka pothera. Nsonga za zala ziwawa sabata ziwiri kapena zinayi, kenako khungu lilimba. Musaimbe mutangochoka kochapa kapena kosamba, khungu lonyowa limang'ambika. Matuza akatuluka pumani masiku awiri. Koma ululu ukakhala m'mfundo ya dzanja kapena pachigongono, lekani, kwezani khosi la gitala pang'ono kuti dzanja lisapindike kwambiri, ndipo ukapitirira kaonaneni ndi achipatala.