Kusankha kiyibodi ya mechanical yotayipira ndi kuseweretsa magemu: yambirani pa swichi

Kiyibodi wamba ya mu ofesi ili ndi nsalu imodzi ya rabala pansi pa mabatani onse. Ya mechanical njosiyana: batani lililonse lili ndi swichi yakeyake, yokhala ndi sipuling'i ndi tizitsulo tiwiri togundana. Kufewa, phokoso ndi kukhalitsa kwa kiyibodi zonse zili mu swichimo, choncho kusankha kuyambire pamenepo. Magetsi ophethiraphethira aja ndi zokometsera chabe.

Poyamba tsimikizani kuti ndi yeniyeni. M'masitolo mwadzaza makiyibodi a rabala owala bwino, pabokosi polembedwa kuti "mechanical feel". Pemphani wogulitsa azule kachipewa ka batani limodzi. Pansi pake pakaoneka kamutu kooneka ngati mtanda, ka mtundu wofiira, wabulawuni kapena wabuluu, ndiye kuti ndi swichi ya mtundu wa MX. Mukaona kabowo ndi rabala mkati, akukupusitsani.

Maswichi atatu

Kampani ya ku Germany yotchedwa Cherry ndiyo idayambitsa maswichi a MX m'zaka za m'ma 1980, ndipo lero Gateron, Kailh ndi Outemu amapanga ofanana nawo, mitundu yake n'kumatanthauza pafupifupi zomwezo.

Yofiira, imene amati linear, imatsika myaa popanda chopinga. Cherry MX Red imafuna mphamvu yolingana ndi magalamu pafupifupi 45, chilembo chimalowa batani likatsika mamilimita 2, ndipo limakagunda pansi pa mamilimita 4. Osewera magemu amaikonda chifukwa ungadinize batani lomwelo kambirimbiri mofulumira. Vuto lake lili potayipa: chala chikangotsamira batani loyandikana nalo, chilembo chosafunika chalowa kale. Amene manja awo ndi olemera asankhe yakuda, ya magalamu 60.

Yabulawuni, tactile, ili ndi kopinga pang'ono pakati pa ulendo wa batani. Chala chimamva kuti chilembo chalowa, ndiye simufunika kukankha mpaka pansi. Mphamvu yodutsira kopingako ndi magalamu 55. Munthu amene masana amalemba malipoti, usiku n'kusewera, ndipo ndalama zikukwanira kiyibodi imodzi yokha, agule imeneyi. Ena amainyoza kuti kopingako n'kosamveka, ndipo kwa amene adazolowera taipilaita yakale akhoza kuonadi choncho, koma kwa woyamba kumene palibe swichi yosakhumudwitsa kuposa iyi.

Yabuluu, clicky, imalira "ke-ke-ke" pa batani lililonse. Kutayipa nayo kumakoma, koma mu ofesi yokhalamo anthu angapo kapena m'nyumba yogona ana mudzadana ndi anzanu. Pamasewera nayonso ili ndi chilema: batani liyenera kukwera ndithu kupitirira pamene lidalowera kuti lithe kulowanso, moti kudiniza kawiri mwachangu nthawi zina kumaphonya.

Palinso Speed Silver, yolowa pa mamilimita 1.2 okha. Kulemba nayo nkhani yaitali n'kudzizunza.

Chofunika kuposa dzina la kampani

Funsani ngati kiyibodiyo ndi ya hot-swap. Pa makiyibodi ambiri maswichi ndi owotcherera pa bolodi yamkati, ndiye imodzi ikafa pamafunika katswiri wa zowotcherera. Pa ya hot-swap swichi imazulidwa ndi kachitsulo kokokera, n'kulowetsapo ina m'mphindi imodzi. Kwa ife amene katundu wotere timaitanitsa kutali, ku Johannesburg kapena ku China, ndipo kubweza chowonongeka kumadya ndalama kuposa kugula china, imeneyi ndiye inshuwalansi. Poitanitsa onjezerani maswichi 10 apadera.

Mabowo ake ali mitundu. Ena amalandira swichi ya miyendo 3, ena ya miyendo 5. Mabowo a miyendo 5 amalandira zonse ziwiri. Ngati bolodi ndi ya 3 koma swichi ili ndi 5, dulani timiyendo tiwiri tapulasitiki tam'mbali ndi chowengera zikhadabo, osakhudza tachitsulo. Makiyibodi otsika mtengo, monga ena a Redragon, ali ndi timabowo tating'ono topangidwira maswichi a Outemu, ndipo swichi ya Cherry kapena Gateron imakana kulowa chifukwa miyendo yake njonenepa. Polowetsa swichi yang'anani kuti miyendo yachitsulo yawongoka. Ikapindika batani silingagwire ntchito, ndipo mukakakamiza mukhoza kuthyola soketi kuseri kwa bolodi, ndiye basi zabwereranso kwa wowotcherera.

Kukula ndi kayalidwe ka mabatani

Yathunthu ili ndi mabatani 104 kapena 105, kuphatikiza manambala a kumanja. Owerengera ndalama ndi olowetsa manambala mu Excel tsiku lonse asaganize kawiri. Yotchedwa TKL (tenkeyless) idachotsa manambalawo n'kutsala ndi mabatani 87 kapena 88, ndipo malo otsalawo amapita kwa mbewa (mouse), phewa silitambasuka kwambiri. Ya 75% imasunga mzere wa F1 mpaka F12 ndi mivi koma mothithikana. Ya 65% ilibe mzere wa F. Ya 60%, ya mabatani 61, ilibe ngakhale mivi, zonse zimadzera pa batani la Fn. Wolemba amene amakonzakonza ziganizo asatsike pansi pa 65%.

Kenako onani batani la Enter. Likakhala lopyapyala, la mzere umodzi, ndi kayalidwe ka ANSI ka ku America. Likakhala lalitali lotenga mizere iwiri, ndi ISO, kamene kali pa makompyuta ochokera ku Britain. Pa ISO ya Britain @ ndi " zidasinthana malo poyerekeza ndi ANSI, ndipo Shift ya kumanzere njaifupi. Tengani kamene zala zanu zidazolowera, ngakhale zipewa zosinthira za ANSI ndizo zimapezeka mosavuta. Wofuna kulemba ŵ ya mu Malaŵi asafunefune batani lake: mu Windows onjezani kayalidwe ka United Kingdom Extended, dinizani AltGr (Alt ya kumanja) ndi 6 pamodzi, kenako w. Mu Word lembani 0175 n'kudiniza Alt ndi X.

Zipewa ndi zogwiriziza

Zipewa za pulasitiki ya ABS zimayamba kunyezimira ngati zadzola mafuta zikagwira ntchito kwa miyezi. Za PBT n'zokhakhala pang'ono ndipo zimachedwa kutero. Zilembo zongopenta pamwamba zimafufutika, poyamba pa A ndi N kwa olemba Chichewa, pa W, A, S ndi D kwa osewera. Zotchedwa double-shot sizifufutika chifukwa chilembocho ndi pulasitiki ina youmbidwira mkati. Makiyibodi ena a magemu ali ndi mzere wapansi wa miyeso yawoyawo, ndiye zipewa zogula padera sizikwanira. Space bar yodziwika ndi ya 6.25u, kutanthauza yotalika ngati mabatani wamba 6.25.

Musanalipire, gogodani space bar, Shift, Enter ndi Backspace kunsonga zake zonse ziwiri. Pansi pa mabatani aataliwa pali kawaya kogwiriziza kuti asapendeke. Mukamva kuyoyoma ndiye kuti kawayako nkouma. Mankhwala ake ndi girizi pang'ono kunsonga za waya, Krytox 205g0 kapena girizi wa dielectric. WD-40 ndi mafuta ophikira ayi, amaitana fumbi n'kumata.

Za masewera

Manambala a pabokosi ofunika ndi awiri. N-key rollover ikutanthauza kuti mabatani onse amene mwadiniza nthawi imodzi awerengedwa. Yesani potsegula Notepad, gwirani Shift zonse ziwiri n'kulemba chiganizo. Zilembo zina zikamasowa, pamasewera mudzalephera kuthamanga, kukhota ndi kudumpha pakamodzi. Nambala yachiwiri ndi 1000 Hz, kutanthauza kuti kiyibodi imatumiza uthenga ku kompyuta ka 1000 pa sekondi. Zimenezi n'zokwanira. Za 8000 Hz n'zokwezera mtengo.

Bluetooth njabwino polemba pa laputopu kapena tabuleti, koma imachedwerako. Posewera lumikizani chingwe kapena kachipangizo ka 2.4 GHz kolowetsa pa USB. Chingwecho chikhale cha USB-C chochotseka, pakuti chingwe ndicho chimayamba kuduka, ndipo chikakhala chomatirira kiyibodi yonse imafera pomwepo. Pa yopanda chingwe zimitsani magetsi aja, amamaliza batire m'masiku ochepa.

Amipikisano ya magemu owomberana tsopano akuthamangira maswichi a maginito, a Hall effect, monga a Wooting ndi SteelSeries Apex Pro. Pamenepa mumadziikira nokha pamene batani lilowere, kuyambira mamilimita 0.1 mpaka 4, ndipo limamasuka chala chikangoyamba kukwera. Samalani ndi zina zimene makiyibodi otere amachita okha: mu Ogasiti 2024 kampani ya Valve idaletsa mu gemu ya Counter-Strike 2 njira zonga Snap Tap ya kampani ya Razer, imene imawerenga batani lomaliza lokha mukadiniza la kumanzere ndi la kumanja pamodzi, ndipo woigwiritsa ntchito amatulutsidwa m'masewera. Pafupifupi maswichi onse a maginito ndi linear, choncho wolemba sapindula nawo kwenikweni.

Ikayamba kuvuta

Vuto lofala ndi batani kulemba kawiri, "kkuti" m'malo mwa "kuti". Kawirikawiri ndi fumbi kapena dzimbiri pa tizitsulo togundana tija, ndipo m'chilimwe fumbi silisowa. Chotsani chingwe, zulani chipewa, dinizani kamutu ka swichi n'kudonthezeramo madontho awiri a isopropyl alcohol, mankhwala otsukira zipangizo zamagetsi, kenako dinizani kangapo n'kudikira kuti iume. Zikapitirira sinthani swichiyo. Tiyi wa shuga akatayikira, chotsani chingwe nthawi yomweyo, itembenuzeni chafufumimba, ndipo musailumikize kwa masiku awiri. Zipewa zokha mukhoza kuzitsuka m'madzi ofunda a sopo, osati otentha, chifukwa space bar imapindika. Muzijambula kaye chithunzi cha kiyibodi musanazule zipewa, ndipo pozula za mabatani aatali kokerani m'mwamba pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri kuti kawaya kaja kasatuluke m'malo mwake.