Momwe mungalipirire mpando wa business pabwalo la ndege osataya ndalama

Kuchokera pa boma la Dedza kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, ndipo bwalo la ndege la Kamuzu lili ku Lumbadzi, makilomita enanso oposa 20 kumpoto kwa mzindawu. Wa ku Ntcheu amayenda mtunda wotalikirapo, kaya asankhe Lumbadzi kaya Chileka. Choncho ambiri amafika pa kauntala msana utawawa kale, ndipo akamva kuti m'ndege mwatsala mpando wa business (gawo lapamwamba la kutsogolo kwa ndege) womwe angaulipire pompo, mtima umathamanga. Mwayiwu umapezekadi, ndipo nthawi zambiri umatsika mtengo kusiyana ndi kugula tikiti ya business kuyambira pachiyambi. Koma amene amalipira asanafunse bwino amatha kugula mpando wokha, zina zonse zomwe ankayembekeza osaziona.

Ntchito imayambira kunyumba. Tsegulani tikiti yanu ndipo muone kalasi ya mtengo wake, yomwe imalembedwa ndi chilembo chimodzi. Matikiti otsika mtengo kwambiri, a gulu monga a kwaya kapena timu, komanso ogulidwa ndi mamailosi (mapointi omwe kampani ya ndege imapatsa oyenda nayo), kawirikawiri saloledwa kukwezedwa. Ngati munagula kudzera kwa ejenti, mufunseni iyeyo. Onaninso kampani yomwe ikuyendetsadi ndegeyo, chifukwa tikiti ikhoza kukhala ya kampani ina pomwe ndege ndi ya ina, ndipo zikatero a pa kauntala nthawi zina sangathe kuisintha. Makampani ena amatumiza imelo masiku ochepa ulendo usanafike, kukupemphani kuti mutchule ndalama zomwe mungalipire, kapena amaonetsa mtengo mukamachita check-in (kutsimikiza kuti mukwera ndegeyo) pa intaneti. Lembani mtengo umenewo, mudzaufananize ndi wa pabwalo.

Kenako sankhani gawo la ulendo lomwe mukufuna kulikweza, ndipo apa ndi pomwe ndalama zimapulumukira kapena kutayikira. Kawirikawiri mpando umalipiridwa gawo lililonse palokha. Kuchokera ku Lilongwe kupita ku Johannesburg kapena ku Nairobi ndi maola awiri ndi chinachake, ndipo ndege zake zimakhala zapakatikati, za mtundu wa Boeing 737 kapena Embraer. Business ya m'ndege zotere ndi mpando wotakasuka wopendekeka pang'ono, osati bedi. Kupita ku Addis Ababa ndi maola pafupifupi anayi kapena kuposerapo. Phindu lenileni lili pa gawo lachiwiri, la usiku, monga kuchokera ku Addis Ababa kupita ku London kapena ku Guangzhou, komwe Ethiopian Airlines imayendetsa ndege zazikulu monga Airbus A350 ndi Boeing 787, zomwe mipando yake ya business, yotchedwa Cloud Nine, imatambasuka munthu n'kugona. Ngati m'thumba muli ndalama za gawo limodzi lokha, zisungireni usiku umenewo, makamaka ngati mukafikira kulowa mumsonkhano m'mawa wake, kapena ngati mukuperekeza gogo wodwala miyendo.

Konzani khadi la ku banki musananyamuke. Mtengo umatchulidwa kawirikawiri m'madola, ndipo ndi kuchepa kwa ndalama zakunja m'dziko muno, mabanki amaika malire pa zomwe khadi lingalipire kunja. Lowani mu banki ku Dedza kapena ku Ntcheu masiku angapo ulendo usanafike, mufunse ngati khadi lanu la Visa kapena Mastercard ndi lotsegulidwa kulipira kunja, malire ake ndi angati, ndipo muwauze mayiko omwe mudutse. Khadi lomwe limagwira bwino ntchito pa sitolo ya ku Lilongwe likhoza kukanidwa ku Addis Ababa. Musadalire Airtel Money kapena Mpamba pa nkhaniyi musanafunse, ndipo ndalama zamanja si paliponse pomwe amalandira.

Pa tsiku la ulendo, fikani maola atatu ndege isananyamuke. Mipando yotsala imakhala yochepa ndipo amagulitsa kwa amene wayamba kufunsa. Wochokera ku Dedza awerengere maola awiri ndi theka kapena atatu a pamsewu, poganizira marodibuloko ndi kuthithikana kwa magalimoto mkati mwa Lilongwe. Check-in ya maulendo akunja imatsekedwa pafupifupi ola limodzi ndege isananyamuke, ndipo wofika pamapeto sapatsidwa mpata wokambirana.

Funsani katundu wanu asanakwere pa sikelo, boarding pass (chiphaso chokwerera ndege) isanasindikizidwe. Mawu ake ndi osavuta: "Pepani achimwene, kodi mu business mwatsala malo lero? Ndingalipire zingati?" Akakuuzani mtengo, musatulutse khadi msanga. Funsani kaye ngati mtengowo ndi wa gawo limodzi kapena wa ulendo wonse, komanso ngati msonkho uli momwemo. Funsani za katundu. Pa maulendo ambiri akunja a Ethiopian Airlines, wa economy (mipando wamba) amaloledwa zikwama ziwiri za makilogalamu 23 chilichonse, wa business ziwiri za 32, koma wokwezedwa pabwalo nthawi zina amatsalabe pa muyeso wa tikiti yake yoyamba. Amene wadzaza sutikesi ndi ufa, nyemba ndi usipa wa abale ali kunja poganiza kuti business imukhululukira makilogalamu owonjezera akhoza kulipira kawiri. Funsaninso za chipinda chodikirira cha a business, ngati mudzaloledwa kulowamo pabwalo lomwe mukasinthire ndege. Mamailosi a ShebaMiles (a Ethiopian Airlines) kapena Asante Rewards (a Kenya Airways) kawirikawiri amawerengedwa pa tikiti yoyamba ija, osati pa mpando watsopano.

Chakudya chimadabwitsa anthu ambiri. Mbale zimakwezedwa m'ndege molingana ndi chiwerengero chomwe kampani inapereka maola angapo m'mbuyomo, choncho wolowa mu business mochedwa akhoza kupeza zomwe ankafuna zatha, kapenanso kulandira chakudya cha economy. Ngati munaitanitsa chakudya chapadera, monga cha odwala shuga, nenani kuti chikutsatireni kumpando watsopano.

Ngati muli awiri kapena atatu pa buking'i imodzi ndipo mpando watsala umodzi, a pa kauntala amayenera kugawa buking'iyo kaye. Zimatenga nthawi, ndipo mwana wamng'ono sangasiyidwe yekha kumbuyo.

Mukagwirizana, lipirani pa kauntala kapena mu ofesi ya kampani ya ndegeyo, osati kwa munthu wokukokerani pambali n'kunena kuti akukonzerani. Ndalama yopanda lisiti siilowa mu kompyuta, ndipo pa geti dzina lanu lidzaonekabe ku economy. Ngati makina a khadi akufunsani kuti mulipire mu ndalama iti, funsani mtengo wosinthira musanadine. Khadi likakanidwa, yang'anani uthenga wa ku banki pa foni musanayesenso, chifukwa ndalama zimatha kugwidwa ngakhale makina atasonyeza kuti zakanika, ndipo kuti zibwerere pamapita masiku.

Musachoke pa kauntala musanalandire zinthu ziwiri: lisiti yosonyeza dzina lanu, nambala ya ndege ndi ndalama zomwe mwapereka, komanso boarding pass yatsopano. Pa boarding pass onani kuti nambala ya mpando ndi ya mizere yoyambirira ndipo kalasi yalembedwa business, kapena chilembo monga C kapena J. Jambulani zonse ziwiri ndi foni.

Lisitiyo imagwira ntchito ndege ikasinthidwa. Zimachitika kuti yabwera ina yaing'ono, ya mipando ya business yochepa, ndipo oyamba kubwezedwa kumbuyo amakhala okwezedwa pabwalo. Pamenepo muli ndi chifukwa chopemphera ndalama zanu, koma pemphani wa pa geti akulembereni umboni musanakwere. Mukasintha ulendo mwa kufuna kwanu kapena mukachedwa ndege, makampani ambiri sabweza. Ndipo ngati tikiti inagulidwa ndi boma, mpingo kapena bungwe lomwe mumagwirako ntchito, funsani ku akaunti musanalipire, popeza ambiri amabweza mtengo wa economy wokha ndipo zapamwambazo zimatuluka m'thumba mwanu.