Kuwombedwa kumbuyo: tetezani khosi, siyani mpata pamsewu

Amene amayenda pa Masauko Chipembere Highway ku Blantyre m'mawa kapena pa nthawi yoweruka amadziwa mmene galimoto zimayendera mothinana kuchokera ku Ginnery Corner, kudutsa ku Chichiri mpaka ku Limbe. Minibasi ikaona munthu wakweza dzanja imaima pomwepo, wakabaza amalowa paliponse, ndipo wakumbuyo akayang'ana foni pang'ono chabe, wawomba mnzake. Ambiri akatuluka amathamangira kukaona bampala ndi magetsi osweka. Chimene chimavulala kwambiri pa ngozi yotere ndi khosi, ndipo nthawi zambiri silipweteka pomwepo.

Galimoto ikawombedwa kumbuyo, mpando umakankhira thupi kutsogolo mwadzidzidzi pomwe mutu, umene umalemera pafupifupi makilogalamu 5, umatsalira. Khosi limapindikira kumbuyo kenako n'kukwapukira kutsogolo, zonsezi sekondi imodzi isanathe. Minyewa ndi misempha yogwira mafupa 7 a m'khosi imakokeka, ina kung'ambika. Izi zimachitika ngakhale pa liwiro laling'ono la m'tauni.

Chitetezo chachikulu chili pa katsamiro kamene kali pamwamba pa mpando, kamene amakaniki amati hedilesiti. Si kogonera ayi. Khalani bwino pampando, dinani kabatani kali pa tsinde la zitsulo zake, ndipo mukakweze mpaka pamwamba pake palingane ndi pamwamba pa mutu wanu. Pakati pa nkhongo ndi katsamiroko pasalowe zala zopitirira zitatu. Kakakhala kotsika kufika pakhosi, mutu umapindikira pamwamba pake, ndipo kuvulala kumakula. Achinyamata amene mumagoneka mpando ngati muli pamkeka, dziwani kuti mukutalikitsa mutu ndi katsamiro, komanso thupi limatha kutsetserekera m'mwamba pa mpandowo. Imikani mpando. Ndipo amene munazula timitsamiro ta kumbuyo kuti muzionako bwino, kapena galimoto inabwera kuchokera ku Japan tili m'buti, tibwezereni m'malo mwake. Lamba ndiye amene amagwira thupi likamabwerera kutsogolo, choncho amangidwe ndi aliyense, a kumbuyo omwe. Mwana wamng'ono asakhale pamiyendo ya munthu kutsogolo.

Za mpata. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, galimoto imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Dalaivala watcheru amatenga sekondi imodzi kapena kupitirira kuti phazi lifike pa buleki, ndiye mamita onsewo apita galimoto isanayambe n'komwe kuchepetsa liwiro. Sankhani pholo kapena chikwangwani. Ya patsogolo ikadutsa, werengani masekondi atatu musanafikepo inu. Kukagwa mvula afike asanu ndi limodzi, makamaka mvula yoyamba ya mu Novembala imene imasakaniza fumbi ndi oyilo patala n'kupatereretsa ngati therere. Nthawi ya chiperoni, yatsani magetsi ngakhale masana kuti wakumbuyo akuoneni. Kumbukiraninso kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira ndi mabuleki umawirikiza kanayi.

Mukaima pa maloboti kapena polowera pa raundabauti, imani pomwe mukuonabe matayala akumbuyo a galimoto ya patsogolo akugunda tala. Wina akakuwombani, simukawombanso mnzanu. Podikira kukhotera kumanja, chiwongolero chikhale chowongoka mpaka mpata utapezeka. Matayala akakhala okhota kale, kuwombedwa kumbuyo kumakuponyerani m'njira ya galimoto zobwera kutsogolo, ndipo ngozi imeneyo ndi yoipa kuposa yoyambayo.

Magetsi a mabuleki ndi amene amalankhula ndi wakumbuyo, koma mwini galimoto sawaona. Sabata iliyonse pondani buleki wina akuyang'anireni, kapena bwererani pafupi ndi khoma madzulo muone kufiira kwake. Babu limodzi likafa, sinthani. Onse akazima nthawi imodzi, yambani mwaona fyuzi ndi siwichi ya pa pedulo ya buleki. Mapanga a tayala asachepere mamilimita 1.6, ndipo mafuta a mabuleki asinthidwe zaka ziwiri zilizonse chifukwa amayamwa chinyezi, ndipo akatentha potsika mtunda wautali buleki imafewa. Kukhala ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, sikutanthauza kuti babu silinafe dzulo.

Ngozi ikachitika, yatsani mahazadi, ikani mathirayango kutali ndithu kuti obwera aone msanga, ndipo anthu asaime pakati pa galimoto ziwirizo. Munthu amene akuti khosi likuwawa kwambiri, manja kapena miyendo yachita dzanzi kapena yafooka, musamukoke, musamunyamule ngati thumba la chimanga kumuponya pa pikapu. Mugwireni mutu usagwedezeke mpaka thandizo lifike, pokhapokha ngati pali moto kapena chiopsezo china. Wosanza, wosokonezeka, wachizungulire kapena wa mutu waukulu apite ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, tsiku lomwelo.

Ena amagwirizana za bampala pamsewu pomwepo, kupatsana ndalama n'kusiyana, mawa lake khosi lauma osatheka kucheuka. Ululu umatha kuyamba patapita maola angapo kapena tsiku lonse. Jambulani galimoto zonse ziwiri ndi manambala ake, dziwitsani apolisi apamsewu, ndipo mukamva kupweteka kapimitseni. A inshulansi adzafuna lipoti la apolisi ndi la dokotala. Dokotala akatsimikiza kuti fupa silinathyoke, musamangokhala chogona kapena kuvala kolala yogwira khosi masabata ambiri: kutembenuza khosi pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kumalichiritsa msanga kusiyana ndi kuliumitsa malo amodzi.