Ekala Siyezedwa ndi Mamita 70 Mbali Zonse

M'nyengo yodzala ya chaka chino ndamva dandaulo limodzimodzi m'midzi ingapo ya dera langa, lakuti mbewu ya chimanga ya makilogalamu 10 ikutha munda wa ekala imodzi usanathe kudzalidwa, ndiponso feteleza wokulitsa sakufika ku mizere yakumapeto. Ambiri akuloza chala ogulitsa kuti matumba a masiku ano akubwera operewera. Nditayenda ndi tepi m'minda imeneyi ndidapeza kuti matumbawo alibe mlandu, koma malo amene eni ake akuwatcha ekala ndi aakulu kuposa ekala.

Tonse tidakula tikumva kuti ekala ndi 70 m'litali ndi 70 m'lifupi, ndipo mawuwo sadali olakwika, chifukwa 70 ameneyo adali mayadi. Ekala yeniyeni ndi masikweya yadi 4,840, choncho mayadi 70 mbali zonse, amene amapereka 4,900, amangopitirirako pang'ono kwambiri. Tsoka lidabwera pamene matepi ndi mafoni adayamba kutiwerengera m'mamita, pakuti anthu adasunga nambala 70 n'kuiwala yadi. Kuyambira mu 1959 yadi imodzi ndi mamita 0.9144, kutanthauza kuti imaperewera pa mita ndi masentimita osakwana 9. Kusiyana kumeneku kumaoneka kosadetsa nkhawa pa chingwe, koma munda umayezedwa mbali ziwiri, ndipo mamita 70 kuchulukitsa ndi mamita 70 ndi masikweya mita 4,900, pomwe ekala ili ndi masikweya mita pafupifupi 4,047.

Masikweya mita 853 owonjezerawo ndi oposa gawo limodzi mwa magawo asanu a ekala. Pa kadzalidwe ka Sasakawa, ka mizere yotalikirana masentimita 75 ndi mapando otalikirana masentimita 25, malo amenewo ndi mapando oposa 4,500 amene mlimi sadawagulire mbewu kapena feteleza. Chimene chimachitika tonse tikuchidziwa: mwini munda amayamba kuchepetsa feteleza pa phando kuti akwane, ndipo chimanga chonse chimaoneka chachikasu chisanafike m'chiuno, kapena amathamangira ku nkhokwe kukatenga chimanga chodya n'kudzala kumapetoko. Waganyu amene adagwirizana mtengo wa ekala amalima malo ochuluka pa ndalama yomweyo, ndipo mkangano wake umathera kwa amfumu. Palinso ena amene amakanirira kuyeza ndi mapazi, ngati kuti miyendo ya anthu onse ndi yofanana. Munthu woponda masentimita 75 akayenda 70 mbali zonse amapeza masikweya mita 2,756 okha, ndipo akathira feteleza wa ekala pamenepo amangowononga ndalama. Chizolowezi chimenechi ndachiletsa kwa zaka zambiri ndipo chimanditopetsa kuchionanso mvula iliyonse.

Mlimi wina wachikulire, amene ndimamulemekeza chifukwa cha khama lake, adandikanira kwamtuwagalu. Adati: "Alangizi, munda uno wayeza ndi mdzukulu wanga wa Fomu 4, ndipo foni yake sinama." Mnyamatayo adandionetsa pulogalamu yosinthira miyezo, ndipo pofuna kunditsimikizira kuti ndi yamphamvu adalembamo angstrom, muyezo umene adaphunzira m'kalasi ya sayansi, n'kuusinthira ku tcheni cha oyeza malo. Foniyo idayankha nthawi yomweyo kuti angstrom imodzi ndi matcheni 0.00000000000497, ndipo agogo ake adandiyang'ana monyadira.

Yankholo lidali lolondola. Angstrom, imene idatenga dzina la Anders Ångström wa ku Sweden, ndi gawo limodzi mwa magawo 10,000,000,000 a mita, ndipo ndi muyezo woyenera kukula kwa maatomu. Tcheni ndi unyolo umene Edmund Gunter wa ku England adakonza mu 1620, wautali mayadi 22 kapena mamita 20.1168, wokhala ndi mphete 100. Ndidawafotokozera kuti ekala imene Angerezi adatisiyira imagwirizana ndi unyolo womwewu, pakuti malo a tcheni chimodzi m'lifupi ndi matcheni 10 m'litali ndiwo ekala ndendende. Koma nditafunsa mnyamatayo kuti munda adauyeza bwanji, adavomera kuti adangokoka tepi mpaka pa 70 monga adamuuzira agogo ake, ndipo pa foni sadawerengerepo kukula kwa mundawo n'komwe. Akadalemba masikweya mita 4,900, foni yomweyo ikadamuuza kuti ndi maekala 1.21. Nambala zambirimbiri za pa foni zidawapatsa chikhulupiriro pa muyezo umene udalakwika kale pamene zikhomo zimakhomedwa, ndipo achinyamata athu ophunzira akugwa m'mbuna imeneyi kuposa makolo awo, chifukwa amakhulupirira kuti chilichonse chochokera pa galasi la foni chatsimikizidwa.

Chofunika kuchita n'chachifupi. Ngati tepi yanu ili m'mamita, yezani mamita 64 mbali zonse, chifukwa mayadi 70 ndi mamita 64, ndipo ngati munda ndi wautali, chulukitsani litali ndi lifupi m'mamita n'kugawa ndi 4,047 kuti mupeze maekala, kapena ndi 10,000 kuti mupeze mahekitala. Hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi 2.47, choncho malangizo olembedwa pa hekitala musawagwiritse ntchito pa ekala musanagawe ndi 2.47. Pa foni onetsetsani kuti mwasankha gawo la kukula kwa malo osati la utali, ndipo musasokoneze "ac" ya ekala ndi "a" imene ndi masikweya mita 100 okha. Ngati munda ndi wokhotakhota, itanani mlangizi wa dera lanu feteleza wobereketsa asanathiridwe, kuti auyeze m'zigawo.