Momwe mungayezere memory imene pulogalamu ikudya ndi kujambula girafu yake

Kompyuta ya Linux ya mu ofesi kapena m'sitolo muno mu Harare ikamathamanga bwino m'mawa, madzulo n'kuyamba kukwawa, nthawi zambiri pali pulogalamu imodzi imene ikudya memory pang'onopang'ono. Kusuzumira kamodzi pa `top` (lamulo losonyeza mapulogalamu amene akuyenda) sikungakuonetseni zimenezi. Pamafunika kulemba manambala kwa maola angapo, kenako n'kuona mmene mzere wake ukuyendera.

Yambani ndi kupeza PID, nambala ya pulogalamuyo. Ngati ndi ya Java, lembani `pgrep -a java`. Tinene kuti yatuluka 2417.

Nambala yoti muziitsata ndi RSS, yomwe ndi memory imene pulogalamu yagwiradi mu RAM. VSZ, nambala ina ya memory imene mungaione, isakuopseni ngakhale ikule bwanji. Imawerengera ndi malo amene pulogalamu inangowapempha koma sinawakhudze.

Tsopano lembani izi:

`while kill -0 2417; do echo "$(date +%s) $(ps -o rss= -p 2417)" >> mem.txt; sleep 5; done`

Masekondi 5 aliwonse mzere umodzi ulowa mu mem.txt: nthawi, ndi RSS mu ma kilobyte. Pa tsiku ndi mizere pafupifupi 17,280, kafayilo kochepa ndithu. Ngati mwalowa pa SSH (kulowa mu kompyutayo muli pa kompyuta ina), yatsani lamuloli mkati mwa `tmux`, pulogalamu imene imasunga ntchito ikuyendabe ngakhale mutachokapo, apo ayi intaneti ikangoduka nalonso lifera pomwepo. Magetsi akazima kompyuta n'kuyakanso, PID imasintha, ndiye ifufuzeninso. Zakale sizitayika, chifukwa `>>` imawonjezera kumapeto kwa fayilo, pamene `>` imodzi imafufuta zonse.

Girafu ijambuleni ndi gnuplot 5, pulogalamu yojambulira ma girafu:

`gnuplot -e "set term png; set output 'mem.png'; set xdata time; set format x '%H:%M'; plot 'mem.txt' using (column(1)+7200):(column(2)/1024) with lines"`

Kugawa ndi 1024 kukupatsani ma megabyte. 7200 ija ndi masekondi a maola awiri: gnuplot imasonyeza nthawiyi mu UTC (nthawi ya dziko lonse), pamene Harare ali patsogolo ndi maola awiri. Mukaiwala, vuto la 3 koloko masana lioneka ngati la 1 koloko, muzikalifuna pa nthawi yolakwika mu ma log (mafayilo amene pulogalamu imalembamo zochitika).

Ntchito yeniyeni ili powerenga girafuyo. Mzere wokwera ndi kutsika ngati mano a sowo si vuto, ndi pulogalamu imene ikutenga memory n'kubweza. Wokwera m'mawa n'kukhazikika pamalo amodzi nawonso ndi wabwinobwino. Woopsa ndi uja amene ngakhale potsika pake pakunka pakwera ola ndi ola, ntchito isanachuluke. Imeneyo ndiye memory leak.

Pali misampha iwiri. RSS ikhoza kutsika osati chifukwa pulogalamu yabweza memory, koma chifukwa Linux yakankhira ina ku swap (malo a pa disk osungirapo memory yochotsedwa mu RAM). Onani `grep VmSwap /proc/2417/status` musanakondwere. Wachiwiri ndi wa mapulogalamu monga PostgreSQL ndi Apache, amene amayendetsa ma process ambiri (aliyense ndi PID yake) ogawana memory imodzi. Mukaphatikiza RSS ya onse, memory yomweyo mwaiwerenga kambirimbiri, mpaka chiwerengero kuposa RAM imene muli nayo. Pamenepo tengani nambala yotchedwa Pss mu `/proc/2417/smaps_rollup`, imene imapatsa process iliyonse gawo lake lokha. Fayiloyi ilipo kuyambira kernel 4.14 (kernel ndi mtima wa Linux).

Mzere ukaduka mwadzidzidzi uli pamwamba, lembani `sudo dmesg -T | grep -i "killed process"`. Dzina la pulogalamu yanu likatuluka, ndiye kuti kernel inaipha RAM itatha.