Chigumukire cha chipale chimayambira pansi pomwe simukuona

Inu amene mumakwera mapiri m'nyengo yozizira, kutali ndi njira zokonzedwa, dziwani kuti ngozi yaikulu imabisala pansi pa chipale.

Chipale chimagwa mosanjikizana, lero pang'ono, sabata yamawa china. Usiku kukazizira kwambiri kumwamba kuli kopanda mitambo, pamwamba pake pamapangika tizidutswa tosagwirana, toti mukatapa m'manja timangoyoyoka ngati shuga. Kenaka chipale chatsopano chimakwirira gawolo, mphepo n'kuchipanikiza mpaka kulimba. Gawo lolimba lija latsamira pa lofooka, ndipo limatha kukhala choncho masabata angapo. Munthu mmodzi akangoponda pamalo oyipa, gawo lolimba lija limang'ambika n'kutsetsereka naye. Ngozi zambiri zimayambitsidwa ndi wokwiriridwayo kapena mnzake wa pagulu lomwelo, ndipo zimenezi zimandiwawa chifukwa n'zopeweka.

Malo oopsa kwambiri ndi otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, makamaka mbali imene mphepo imaunjikirako chipale. Musanyengedwe ndi dzuwa lowala mkuntho utangotha. Tsiku limenelo ndi lotsatira lake chipale chimakhala chisanakhazikike. Mvula kapena kutentha kwadzidzidzi kumachifooketsanso.

Phiri limachenjeza. Mukamva chipale chikuti "fuu" pansi pa mapazi n'kutitimira pang'ono, kapena mukaona mng'alu ukuthamanga kuchokera pomwe mwaponda, bwererani, osakambirananso. Mukaona pena pagumuka kumene, malo ena ofanana nawo akhoza kugumukanso.

Musananyamuke werengani chenjezo la tsikulo. Maiko a ku Ulaya adagwirizana mu 1993 kugwiritsa ntchito muyeso wa kukula kwa ngozi ya chigumukire woyambira pa 1 (ngozi yochepa) mpaka 5 (ngozi yaikulu kwambiri), ndipo ku Switzerland chenjezoli limatulutsidwa ndi bungwe lofufuza za chipale ndi zigumukire la SLF mumzinda wa Davos. Anthu ambiri amafa pa 3, osati pa 5, chifukwa pa 5 aliyense amakhala m'nyumba, pomwe pa 3 munthu amadzinyenga kuti zinthu zili pakatikati.

Aliyense anyamule transceiver (kachipangizo kosonyeza pomwe munthu wakwiriridwa), ndodo yofufuzira ndi fosholo. Kunyamula kokha sikukwanira, muziyeserera kufufuza ndi kukumba mpaka manja azolowere. Wofukulidwa mphindi 15 zisanathe kawirikawiri amapulumuka, koma ikadutsa theka la ola ambiri amakhala atabanika. Opulumutsa ochokera kutali safika msanga chotero. Wokufukulani ndi mnzanu amene mwapita naye.

N'chifukwa chake pamalo okayikitsa muziwoloka mmodzimmodzi, enawo ataima pabwino akuyang'anitsitsa. Onetsetsaninso zomwe zili kumunsi kwanu: chigwa chopapatiza, mitengo kapena phompho zimachititsa kuti ngakhale chigumukire chaching'ono chiphe munthu.