Musathamangire kugula BCM lole ikayamba misala

Anzanga oyendetsa malole kuno ku Mzuzu, mukaona mawaipa akuyenda okha, maindiketa akuthima, hutala ikulira usiku, m'mawa batire latheratu, ambiri amangoti yapsa body control module (BCM), kabokosi kamene kamalamulira zamagetsi ngati zimenezi. Mwina, koma yambani ndi zotchipa.

Yezani batire injini ili yozima. Labwino limaonetsa 12.6V, ndipo lole ya mabatire awiri iyandikire 25V. Kenako mafyuzi, ndi waya wa nthaka (earth) womangidwa ku chasisi. Dzimbiri pang'ono pabawuti pamenepo limasokoneza magetsi onse.

Chachikulu ndi madzi. Mvula ya kuno sinena kuti ndasiya, imalowa m'mbali mwa galasi lakutsogolo n'kudonthera pansi pa dashibodi pomwe kabokosika nthawi zambiri kamakhala. Chotsani pulagi yake muyang'ane mapini. Mukapeza zobiriwira ngati ndere, tsukani ndi mankhwala otsukira mawaya, muumitse, muyeserenso. Yanga inachira chonchi.

Ikakhala kuti BCM yafadi, gulani ya nambala yofanana ndendende. Chotsani kaye waya wa negetivu wa batire musanagwire pulagi. Yatsopano nthawi zambiri imafuna kulumikizidwa ndi kompyuta, apo ayi kiyi angakane kuliza injini. Ndipo owotcherera ku Luwinga asayatse moto pa lole batire lili polumikizidwa.